Nsapato za Phazi Limodzi

Mayfair,
Johannesburg.
Julaye 2019

Wokondedwa mng'ono wanga Tahira,

Assalamu alaikum. Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupeza uli bwino pamodzi ndi alamu anga a Athumani ndi ana onse kumeneko ku Chileka. Kodi bondo la alamu lija linasiya kutupa? Nanga iwe, mutu uja umakuvuta nyengo yozizira, chaka chino wakusiya? Ine kuno ndili bwino, Alhamdulillah. Thupi lilibe vuto ndithu, koma mtima ukudwala, ndipo ukamaliza kuwerenga udziwa amene andidwalitsa.

Usadabwe kuti ndakulembera papepala ngati tili m'masiku a malemu abambo. Foni sindikuikhulupiriranso. Voisi iliyonse imene ndimatumiza kwa achimwene ku Lirangwe imamvedwa pa sipika, pakhonde, ndi aliyense wodutsa, ndipo yako nayo imakhala m'manja mwa ana tsiku lonse. Kalatayi ndamupatsa Yobu, transipota wathu uja, ndipo ndamuuza kuti akaipereke m'manja mwako asanapite kwina kulikonse. Mu envulopu muli kakiyi. Usakataye, ntchito yake ndikuuza kutsogoloku.

Za kuno ndi zomwe zija. Kukuzizira koti madzi a pampopi amaluma zala, ndipo kupanga wudhu m'mawa, kusamba kuja kokonzekera mapemphero, kumafuna kulimba mtima. Ndikukhalabe m'chipinda chija ndi azimayi awiri, wina wa ku Machinga, wina wa pa Lunzu. Landilodi wakwezanso lendi, akuti magetsi akwera, chonsecho magetsiwo akumazima ngati kwathu komweko. Ntchito ndikugwirabe m'shopu ya nsapato ija m'tauni. Bwana wanga ndi munthu wopemphera, satukwana, koma ndi woumira.

Pali kanthu ka m'shopu mwathu kamene ndikufuna ukadziwe. Pashelefu ndi pawindo timaika nsapato ya kumanzere yokha. Inzake ya kumanja imakhala m'bokosi kusitoro, imatuluka kasitomala akaonetsa kuti ndalama ali nayo. Timatero chifukwa cha akuba. Koma akuba ena kuno ndi opanda nzeru, amatola ya kumanzere yomweyo n'kuthawa nayo, kaya amakachita nayo chiyani. Ndiye kusitoro kuli katoni yodzaza ndi nsapato za kumanja zopanda zinzake, zatsopano, zodula, zoti palibe angagule. Ife timazitchula kuti zamasiye. Uzikumbukire zamasiyezi.

Tsopano ndilowe m'nkhani yeniyeni, ndipo ndiyambira patali kuti umvetse.

Iwe ana ako akadali aang'ono, sunaone kanthu. Panopa ukagula kadiresi pa kaunjika, n'kukachapa, n'kukasita, mwana amavina nako tsiku lonse. Hafsa wanga nayenso anali choncho. Dikira afike zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Ana a msinkhu umenewu amavala dzina la chovala, nsalu yake alibe nayo ntchito. Mnzawo akabwera ndi nsapato yatsopano amamuvula, n'kutembenuza lilime lake, kuwerenga timalemba ta mkati, kununkhiza, kukanda soli ndi chikhadabo, kenako n'kugamula ngati ndi orijino kapena feki. Ndimawaona tsiku ndi tsiku m'shopu muno akukoka amayi awo pamkono, mayi maso ali pa mtengo, mwana maso ali pa lebulo. Ndipo mitengo yake siikhazikika. Nsapato imene tinkagulitsa chaka chatha, lero bwana waikapo theka lina pamwamba, pomwe malipiro anga ali pomwe anali.

Mnzanga wa ku Machinga ali ndi anyamata atatu kumudzi, onse a msinkhu womwewo. Akagulira wamkulu jekete, wapakati amakwiya, akagulira wapakati, wamng'ono amasiya kudya. Mwezi usanathe mapazi akula, jinzi yafupika. Anthu kwathuko amaganiza kuti kuno zovala timangotola m'misewu. Mayi ameneyu juzi lake ndi limodzi chibwerereni, ndipo likachapidwa amafunda bulangete mpaka liume.

Ife tinakula bwanji? Nsalu imodzi ya Idi, telala wa pakhonde la sitolo n'kutisokera madiresi ofanana, iwe n'kumalira kuti langa lili ndi thumba. Tinkayenda nawo monyada mpaka pa Lunzu. Ndikawauza zimenezi atsikana ogwira nawo ntchito amangoseka.

Hafsa si mwana wopemphapempha, umamudziwa. Chichokereni ine kumudzi, ndipo chino ndi chaka chachinayi, sanandiuzepo kuti amayi ndigulireni chakuti. Koma chakumapeto kwa chaka chatha, tikulankhula pafoni, anatsitsa mawu n'kundiuza kuti kusukulu kukakhala zamasewero, kapena akapita kokasewera ndi sukulu ina, anzake amamutchula kuti Kaunjika. Anati akufuna peyala imodzi yokha, zoyera za mizere itatu zija, koma zenizeni. Ine ndinamukalipira. Ndinamuuza kuti mtengo wa nsapato zimenezo ukuposa fizi yake ya temu yonse, ndiponso kuti ndinabwera kuno kudzamuphunzitsa, osati kudzamuveka ngati mwana wa nduna. Anangoti chabwino amayi. Chabwino ameneyo anandikhala pakhosi sabata yonse.

Ndiye ndinakhala pansi n'kuyang'ana malipiro anga. Amagawika asanafike n'komwe m'manja: lendi, chakudya, fizi, ya chipereganyu, ndi ija ndimatumiza kwa achimwene a Ajibu mwezi ndi mwezi yoti azindisungira mwanayo. Malo a nsapato panalibe, ndinachita kuwapanga ndekha. Ndinasiya kukwera takisi, ndinayamba kuyenda wapansi kuchokera ku Mayfair mpaka m'tauni, kupita ndi kubwera. Nyama ndinaisiya, tiyi ndinkamwa wopanda mkaka. Kuno kuli kagulidwe kolipira pang'onopang'ono katundu akadali m'shopu, amati leyibayi, ndipo ndi momwe ndinachitira. Bwana anandichotserako pang'ono chifukwa pa peyala imene ndinasankha, ya kumanzere inali itakhalitsa pawindo, dzuwa n'kuisandutsa yachikasu pang'ono. Wosadziwa sangaone msanga. Koma ine nsapato imeneyo ndinkaipukuta fumbi m'mawa uliwonse, ndikhoza kuizindikira ngakhale pakati pa msika.

Saizi ndinafunsa pafoni. Foni ya pakhomo paja imakhala ndi alamu athu a Sikina, akazi a achimwene, ndiye ndi amene anayankha. Anati eyiti. Ndinadabwa, ndinati mwana wamkazi eyiti? Iwo anaseka, anati mwanayo watengera mapazi a malemu bambo ake. Tahira, ndinalowa kusitoro n'kukalira. Ndinalira mosangalala, kuti kani pali kanthu ka amuna anga a Hakimu kamene katsala kakuyendabe padziko. Ndinagula eyiti.

Chikwama cha Idi yaing'ono, ija ya pambuyo pa Ramadhani, sindinachite nacho umbombo. Achimwene ndinawaikira kanzu, a Sikina abaya yakuda ya mikanda m'mikono, mwana wawo Majidu jinzi ndi matisheti awiri. Iwenso unalandira zako. Chilichonse ndinamatapo tepi n'kulemba dzina. Pabokosi la nsapato ndinalemba kuti HAFSA mbali zonse.

Mwambo wa pakhomo pathu ukuudziwa. Kuyambira nthawi imene malemu abambo ankabwera kuchokera kumigodi, katundu wa ku Joni satsegulidwa kuchipinda. Amayala mphasa pabwalo, anthu amakhala mozungulira, mayi wamkulu wa pakhomo amatulutsa chimodzichimodzi n'kumatchula mwini wake, ndipo chimene chanenedwa pamphasa sichibwezedwa. Unali mwambo wabwino amayi ali moyo, chifukwa panalibe wodandaula kuti wabisiridwa. Amayi atapita, mphasa inagwera m'manja mwa a Sikina. Iwe tsiku limenelo sunapite, unali ndi mwana kuchipatala.

Idi itadutsa ndinaimba. Hafsa anabwera pafoni n'kunena kuti, "Zikomo amayi, nsapato ndalandira." Mawu ake anali ouma ngati akuwerenga pabolodi. Ndinafunsa ngati zamukwana, anati zakwana, basi n'kubweza foni. Ndinati mwina ndi msinkhu. Kuyambira pamenepo ndikaimba, a Sikina ankati mwana wapita kumadrasa, mwana wapita kumjigo, mwana wagona.

Chinaulula ndi chithunzi. Mnzanga wa pa Lunzu uja ali ndi mwana amene amacheza ndi Majidu, ndiye tsiku lina anandipatsa foni yake kuti ndione mmene mwana wa achimwene wakulira. Majidu waima pa siteji ya Lirangwe, wavala jinzi ndinamugulira ija, phazi la kumanzere waponda pa bampala ya minibasi kuti dziko lonse lione. Ndinakuza chithunzicho ndi zala. Inali nsapato yachikasu pang'ono ija, ya pawindo pathu, imene ndinayendera wapansi miyezi yonse ija. Ndinakhala pabedi. Pamenepo ndi pomwe ndinazindikira kuti eyiti uja anali saizi ya ndani. Sikuti mayi ameneyu anaona nsapato n'kusirira ayi. Anakonza kuyambira tsiku loyamba, ndipo anadzutsa mwamuna wanga m'manda kuti amuthandize kundibera.

Yobu atabwera ulendo wotsatira ndinamupanikiza. Poyamba ankazemba, akuti iye ntchito yake ndi kunyamula, za m'mabanja salowerera. Nditamuuza kuti makasitomala ake onse a ku Mayfair ndiwasamutsira kwa transipota wina, pakamwa panamasuka. Akuti a Sikina anakamuchingamira pa Lunzu, amvekere asavutike kufika kunyumba, n'kutenga chikwamacho. Chinakagona kwa mchemwali wawo. Pofika pamphasa matepi anga onse anali atamatulidwa, ndipo nsapato zinali m'bokosi lina lopanda dzina. Mkazi wa Yobu analipo tsikulo, paja ndi oyandikana nyumba, ndipo anamva ndi makutu ake. A Sikina anatulutsa bokosi n'kunena kuti izi azakhali a ku Joni atumizira Majidu, akuti mnyamata azioneka. Kenako anatulutsa tinsapato tapulasitiki ta ku Limbe, tomwe anaikamo okha, n'kupatsa Hafsa pamaso pa anthu. Anati, "Izi ndi zako. Amayi ako akuti mtsikana asazolowere zodula."

Akuti mwana wanga anagwada, analandira ndi manja awiri, anathokoza.

Apa ndi pamene pakundiwawa, mng'ono wanga. Ndalama ndimaipeza, imapita, ndidzaipezanso. Koma Hafsa wakhala nthawi yonseyi akudziwa kuti anandipempha kanthu kamodzi m'moyo wake, ine n'kumukalipira, kenako n'kugula kanthu komweko n'kupatsa msuweni wake iye akuona. Amadzuka m'mawa kukasesa n'kuzipeza pakhomo la chipinda cha Majidu. Ukanakhala iwe ukanandiyankhanso foni?

Ndipo pali zina. Pali kondakitala wina wa minibasi zoyenda pakati pa Lirangwe ndi Blantyre, dzina lake Rodney, bambo wa mkazi ndi ana ku Chirimba. Ameneyu waona mpata. Wamugulira Hafsa nsapato zoyera za mizere, feki za ku Limbe zoti mvula ikagwa kawiri soli imatsala m'matope, ndipo akuti mwanayo amakwera kutsogolo osalipira. Mkazi wa Yobu anamuona m'tauni tsiku la sukulu, yunifolomu ili mkati, juzi pamwamba. Mwana wa Fomu 3, amene aphunzitsi ake ankati adzafika ku koleji. Munthu akugula mwana wanga ndi feki, pamene orijino yake ikupondaponda pa siteji m'mapazi a wina.

Ndinawaimbira achimwene. Ukudziwa mmene amayankhira akakhala kuseri kwa kauntala m'golosale mwawo, maso ali pa sikelo. Anati ana onse ndi athu, nsapato ndi nsapato, ndipo za pamphasa ndi za azimayi. Anati ndipirire, mwezi wa Haji wayandikira, si nthawi yokangana. Za Rodney anati amva, akufufuza. Mwini mbumba ameneyo, amene ndalama yanga ikachedwa pang'ono amaimba foni okha osayamba afufuza. Ndinati chabwino achimwene. Ndinaseka nawo n'kuseka komwe.

Ndakwiya, Tahira, ndipo sindikubisa. Lachisanu lapitali shehe wathu kuno analalikira za kukhululuka, ine n'kumangogwedeza mutu kuseri kwa katani. Kukhululuka ndidzakhululuka, Allah akudziwa. Koma a Sikina ayambe alawa kaye mphasa yomweyo, pamaso pa anthu omwewo, dzuwa likuswa mtengo.

Nazi zimene ndachita. Ndinawaimbira alamu athuwo ndi mawu a shuga. Ndinati bwana wanga akuchotsa katundu kusitoro ndipo wandipatsa nsapato za lebulo chikwama chodzaza, zatsopano, orijino zokhazokha, ndiye pa Idi yaikulu ino ndikutumiza zonse kwa iwo kuti agawe monga mayi wa pakhomo, zotsala agulitse. Ndinati aitane ndi abale awo a ku Madziabango adzaone. Bodza sindinanene ngakhale limodzi. Ukanamva mmene anasangalalira. Ananditchula achemwali, chilowereni m'banja mwathu sananditchulepo choncho. Ndamva kuti alonjeza kale theka la msika wa Lirangwe, ena mpaka anawauziratu masaizi.

Zamasiye zija ndinapempha bwana, anati nditenge, zikungodya malo. Ndasankha zokongola zenizeni, zofiira, zakuda, zoyera, zazikulu ndi zazing'ono, zonse za phazi la kumanja. Ndazilongedza m'chikwama chachikulu cha mizeremizere, ndamanga ndi chingwe, ndakhoma loko. Yobu amalipiritsa potengera kulemera, ndiye ndalipira ndalama yeniyeni kunyamulitsa katundu woti palibe adzavale. Sindikudandaula ngakhale pang'ono. Chibwerereni kuno, ndi ndalama yoyamba imene ndawononga pa zondisangalatsa ine mwini.

Chikwamacho Yobu achisiya kwa iwe, pamodzi ndi kaphukusi kena kokulunga m'chitenje chobiriwira. Uzibise zonse kuchipinda kwako. A Sikina akaimba, uziti katundu wafika koma mwini wake wati atsegulidwe pa Idi, pamphasa, monga mwa mwambo. Akafuna kudzatenga okha, uwauze kuti kiyi ali ndi alamu a Athumani ndipo achokapo.

Tsiku la Idi usafulumire. Adikire. Swala ithe, mbuzi izingidwe, anthu adye mpunga akhute, a ku Madziabango akhale pansi. Pamenepo ufike ndi chikwama pa kabaza, uchiike pamphasa, ugwade bwinobwino, upereke kiyi kwa a Sikina ndi manja awiri. Atsegule okha. Usawathandize, usaseke, ukhale pamalo poti nkhope yawo uziiona bwino. Atulutsa yoyamba, anthu aomba m'manja. Afuna inzake. Akhuthula chikwama chonse. Ana ayamba kusanja, azimayi ayamba kuyesa, ndipo ndikudziwa kuti papezeka wina wovala ziwiri za kumanja n'kuimirira nazo. Ndikufuna udzandiuze zonse, amene anayamba kuseka, kumene a Sikina anayang'ana, ngati thukuta linatuluka, chimene achimwene ananena. Usadzandibisire kanthu poti ndiwe wachifundo.

Akatopa, umasule chitenje chobiriwira. Mmenemo muli nsapato imodzi ya kumanzere, yoyera, ya mizere itatu. Inzake ili mumulu womwewo, ndipo mumulu monsemo ndi yokhayo imene ili ndi inzake. Ndagula peyala ina, Tahira. Ndalama ya chipereganyu imene ndimati ndigulire malata a kanyumba kanga ka kwa Kuntaja yapita pamenepo, makoma aja avumbwenso chaka chino. Umuitane Hafsa pomutchula dzina, umupatse m'manja, umuuze akafune inzake yekha. Akaipeza unene mokweza, kuti ndi a kuseri kwa mpanda omwe amve:

"Amayi ako akuti izi ndi zako. Akuti ndi zija wavala Majidu zinalinso zako, anagulira iwe, ndipo dzina lako linali pabokosi."

A Sikina akakana, ndipo akana ndithu, usalimbane nawo. Ine tsiku limenelo foni ikhala m'manja kuyambira m'mawa. Undiimbire, uike pa sipika, paja amaikonda sipika. Ndiwafunsa funso limodzi lokha, pamaso pa amuna awo ndi abale awo, kuti anene mwana amene anandiuza kuti watengera mapazi a malemu a Hakimu, ndiponso kuti mwanayo amavaladi eyiti kapena ayi.

Mnyamatayo musamuvule. Mwina sankadziwa, mwina ankadziwa, kaya. Azivale mpaka zibooke, aziyenda nazo pa siteji aliyense akudziwa kuti wavala za msuweni wake wamkazi. Zimenezo zimukwanira. Ndipo mulu wa zamasiyewo usabwere nawo. Ndi wa a Sikina, wanenedwa pamphasa. Akawagawire amene anawalonjeza aja.

Tsopano pempho langa lenileni, ndipo apa ndagwada. Zonsezi zikatha, mphasa isanapindidwe, unene kuti Hafsa akupita nawe ku Chileka tsiku lomwelo, azikakhala kwa amayi ake aang'ono, ndipo ndalama ya mwezi ndi mwezi ija izibwera kwa iwe. Unene ukadali pamphasa, kuti achimwene akafuna kutsutsa uwakumbutse mawu awo omwe, kuti za pamphasa ndi za azimayi, ndipo sizibwezedwa. Ndikudziwa kuti nyumba yanu ndi yaing'ono, ndikudziwanso kuti ndikukuika pakati pa ine ndi achimwene. Uwawerengere alamu a Athumani ndime ino yokha, uwauze kuti ndikuwapempha ngati bambo. Za transifa ya sukulu ndilipira ine. Ndikufuna mwanayo achoke pa msewu wa minibasi ija asanalowe Fomu 4.

Za Rodney usamufunse tsiku loyamba, ndipo usamumenye. Feki zakezo usataye. Uziike pansi pa bedi pafupi ndi zanga, iye ndi wa msinkhu wodziwa kutembenuza lilime la nsapato, aona yekha. Akafuna kulankhula nane, umubwereke foni yako alowe nayo kuchipinda yekha, chitseko chotseka. Akakana, usamukakamize. Ndidikira.

Chomaliza ndi ichi, ndipo ndachisiya kumapeto chifukwa ndi chimene chikundilemera. Ulendo uno saizi sindinafunse munthu. Ndinatsitsa folo, faifi ndi sikisi n'kuziika pa kauntala. Ine amene kasitomala akangolowa pakhomo ndimadziwa saizi yake asanakhale pansi, ndinaima pamenepo mpaka bwana anafunsa ngati ndikudwala. Phazi limene ndikulikumbukira ndi la mwana wa zaka khumi ndi ziwiri, lokhala ndi chipsera cha minga pachidendene. Ndatenga faifi, saizi yanga, poganiza kuti mwina anatengera ine. Ndiye n'kutheka kuti pamphasa paja, anthu onse akuyang'ana, nsapatoyo ikana kulowa.

Zikatero asazikakamize, ndipo asagwade kuthokoza. Mukafika ku Chileka umuimike papepala loyera, ulembe mozungulira mapazi ake ndi pensulo, onse awiri, osadumpha chala. Umupatse Yobu pobwerera. Ngakhale zitamukwana, ulembebe. Ndikufuna ndione phazi la mwana wanga.

Undiperekere moni kwa alamu anga a Athumani, ndi kwa ana ako onse, makamaka wodwaladwala uja. Azakhali a kwa Kuntaja uwauze kuti ndili moyo, za malata adikire chaka chamawa, Insha Allah. Achimwene a Ajibu uwapatse moni wa ulemu wawo monga mkulu wathu. A Sikina usawapatse, wawo ali m'chikwama. Kwa Hafsa sinditumiza moni wa pakamwa, wamva kale zambiri zonenedwa m'dzina langa. Umupatse nsapatoyo basi.

Allah akusungeni nonse mpaka tidzaonane.

Ndine mkulu wako,
Mwanahawa